Sitifi ya Abambo Kamwendo

Ntchito yanga yoyamba ku Joni ndinaipeza pa mapemphero a amayi a Lachinayi. Ndinali nditatha miyezi isanu ku Soshanguve, m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya eni ake. Amuna anga ankalawirira kukasamala maluwa a azungu, ine n'kutsala ndikungozungulira ngati nkhuku yofuna kuikira. Kukhala pansi ine sindimatha. Kachipindako ndinkakakolopa kawiri dzuwa lisanafike pamutu, kenako n'kuyamba kukwecha mapoto oyera kale. Ana anga awiri ndinawasiya kwa amayi ku Ntcheu, ndiye manja akangoti zii, mtima unkathawira komweko.

Titamaliza kupemphera tsiku limenelo, mayi wina wa ku Dedza anati ku Silverton kuli kashopu kokonza makompyuta, akufuna munthu wosesa ndi kupanga tiyi. Ndinati mumtima, Ambuye, ine ndinalekera sitandade seveni, kompyuta ndimangoiona pawindo la sitolo. Koma tsache ndiye ndikulidziwa. Achemwali anga aakulu, omwe anali atagwira ntchito m'nyumba za anthu zaka zambiri, anandiperekeza kusiteshoni ya sitima akundilangiza. "Kuno ukaswa kapu usalire. Sesa msanga, upeze ina yofanana, uike pomwe inali. Madamu asadziwe." Mawu amenewo ndinawasunga bwinobwino. Ndikanadziwa.

Mwini shopuyo anali Ntate Lesiba, bambo wamtali wa Chipedi, wosalankhula zambiri, sikuludiraiva ili m'thumba la malaya tsiku lililonse. Ine ankanditcha Mma. Tinkamvana pa Chingerezi changa choduladula, manja n'kumathandizira. Inali nthawi ija anthu ankaopa kuti chaka chikalowa 2000 makompyuta onse adzaima, ndiye makina anali mbwee mpaka pansi pa tebulo. Kutsogolo kunali kompyuta imodzi ndi pirinta, yolembera anthu makalata ofunsira ntchito.

Tsiku lina anandipeza nditaima ndi mopu m'manja, maso ali pasikirini. Panali timabokosi tambirimbiri tamitundumitundu, tikusuntha tokha, kuchoka apa n'kukafola apo.

"Mma, pansi pauma kale," anatero.

"Pepani Ntate. Koma ichi chikutani?"

"Chikuchita ntchito yako. Chikusesa."

Ndinaseka, koma iwo anakoka mpando. Anati disiki ya m'kompyuta yagawidwa tizipinda ting'onoting'ono tofanana. Chinthu chilichonse chimene munthu walemba n'kusunga, kaya kalata kaya chithunzi, chimatchedwa fayilo, ndipo fayilo ikakula imatenga tizipinda tambiri. Tizipindato sikuti nthawi zonse timagundizana ayi. Kompyuta ikapeza katatu apa, kawiri uko, imangoikamo. Kumayambiriro kwa disiki kuli kaundula amene amati fayilo yakuti dzina lake ndi ili, yayambira m'chipinda chakuti, kenako pita chakuti, kenako chakuti. Zikamwazikana kwambiri makina amachedwa, ndiye amaziitanitsa kuti zikhale pamodzi. Foda, anati, ndi kaundula wamng'ono chabe, wa mayina a mafayilo amene munthu wafuna kuti akhale gulu limodzi.

Ine ndinamva msanga, chifukwa ndi mmene tinkakhalira ku Soshanguve. Banja limodzi, bambo chipinda ichi, mlamu pabwalo lachitatu, katundu wina kwa anansi, ndipo ndi mwini bwalo yekha amadziwa kuti wakuti ali kuti.

Kuyambira pamenepo, ndikamaliza kusesa ndinkaphunzira. Kugwira mausi, kutaipa ndi zala ziwiri, kuseva, kupanga foda. Anandionetsanso bini ya pasikirini: ukafufuta fayilo imagwera m'menemo, ndipo ukasintha maganizo umakaitola. Bini imeneyo ndinaikonda, ndinati makinawa ali ndi chifundo. Lamulo la Ntate linali lakuti zinthu za makasitomala zisagone m'kompyuta ya shopu. Aliyense zake zinkapita pa sitifi yake, kadisiki kapulasitiki kaja kokwana m'chikhatho, dzina n'kulembedwa pakapepala, n'kuikidwa m'dirowa. Munthu akatenga mapepala ake, sitifi yake inkapita m'katoni, ndipo Lachisanu lililonse ndinkazifufuta kuti zigwirenso ntchito.

Abambo Kamwendo anabwera Loweruka lina m'mawa, atavala jekete ndi chipewa ngati akupita ku khoti. Anali a ku Thyolo, mtchona weniweni. Anabwera nthawi ya migodi, migodi itawatopetsa analowa ntchito ya m'maluwa, ndipo kumudzi sanapondekonso. Anamva kuti pashopu pali mayi wa kwathu, ndiye anachoka ku Atteridgeville pa mathekisi awiri. Anavula chipewa n'kuchiika pabondo.

"Amayi, ndikufuna kalata. Ndinasiya mwana akukwawa, Esinati. Pano akuti ali ndi zidzukulu. Manjawa cholembera anachiiwala."

Sinali kalata ya tsiku limodzi. Loweruka lililonse ankabwera, iwo kulankhula, ine kugogoda, kenako kuwawerengera. Apa ndiye tinkalimbana. Ine pakamwa panga Mulungu sachoka, ndiye ndinkapezeka ndaikamo "Ambuye akalola" pamene iwo sananene. Ankakweza chala.

"Chotsani icho. Amayi inu, musandithirire shuga. Ine tchalitchi ndinasiyana nacho pansi pa mgodi. Mwanayo akamva ndikupemphera adzati kalatayi si ya bambo ake."

"Koma Abambo, kamodzi kokha."

"Mukapemphere nokha Lachinayi. Mukanditchuleko, sindikana."

Kupirinta ankakana. Ankati chipinda amagona anthu awiri, pepala lili ndi miyendo, tidzapirinta zonse pamodzi akadzamaliza. Motero Loweruka lililonse linali ndi fayilo yake, KALATA1 mpaka KALATA9, zonse pa sitifi imodzi yakuda ya m'dirowa.

Loweruka lakhumi sanabwere. Lachitatu kunafika mnzawo wogona naye chipinda, Abambo Mbewe, kudzanena kuti achikulire anagwa ali kuthirira maluwa. Kuchipatala anawatulutsa, koma mbali ya kumanja yafa ndipo lilime lalemera, mawu sakutuluka. Abambo Mbewe anali paulendo wa kumudzi pa basi ya Loweruka, ndipo analonjeza kukafikitsa kalatayo ku Thyolo. "Ndibwera Lachisanu cha m'ma fili koloko," anatero. "Mupirinte zonse mmene zilili. Zina sanenanso."

Lachinayi ndikuweruka ndinatenga sitifiyo m'dirowa n'kuiika m'thumba la epuloni, ati kuti ndisaiwale m'mawa. Ndi khalidwe lathu osesa, chilichonse m'thumba la epuloni: mapini, makiyi, sopo wotsala.

Lachisanu sitima inaima panjira, ndinafika mochedwa, mtima uli m'mwamba. Ntate Lesiba anali akutuluka ndi makompyuta awiri opita ku fakitale ina. "Ufufute za m'katoni, Mma, ndikuzifuna masana," anatero ali pakhomo. Ndinavala epuloni, ndinatapa masitifi a m'katoni n'kuwaponya m'thumba, n'kukakhala kutsogolo. Ndinati ndithane ndi izi msanga, kenako ndipirinte za Abambo Kamwendo modekha. Lowetsa, sankha zonse, fufuta, makina afunse ngati ndatsimikiza, inde, tulutsa. Manja ankangothamanga okha. Yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Pa yachinayi, chala chitadina kale inde, maso anagwira mawu akuti KALATA akuzimiririka. Windo linatsala mbee.

Ndinaitulutsa. Yakuda. Pakapepala, ndi dzanja langa lomwe: Kamwendo.

Poyamba sindinaope kwenikweni. Ndinati bini ilipo. Ndinaitsegula, munalibe kanthu. Ndinaitseka n'kuitsegulanso, ngati munthu amene akubwerera kukayang'ana m'poto momwe wayang'ana kale. Zimene sindinkadziwa n'zakuti bini ija imalandira za m'kompyuta mokha. Za pa sitifi zikafufutidwa sizidutsako.

Ndinaimirira, ndinakhala, ndinaimiriranso. Ndinapukuta tebulo loyera. Koloko inali itangodutsa teni. Ndiye m'khutu munabwera mawu a achemwali: sesa msanga, upeze ina yofanana, uike pomwe inali. Ndinadziuza kuti makalata amenewa ndinawalemba ndine, ndinawawerenga mokweza ndine, ali m'mutu mwangamu. Ndinatsegula tsamba latsopano n'kuyamba kalata yoyamba. "Esinati mwana wanga, ndine bambo ako amene sukuwadziwa." Pamenepo ndinakumbukira bwino. Ndinapitiriza, pena mawu awo, pena anga, thukuta lili kamukamu. Nditadzaza tsamba ndi theka ndinabwezera sitifi yakuda ija m'makina, ndinaseva, n'kuitcha KALATA1. Kuona dzinalo litabwerera pawindo, mtima unatsikako pang'ono.

Pa yachiwiri ndinauma. Inali ya mayina a migodi, mayina a anzawo amene anafera pansi, zaka, malo. Ndinalemba mizere iwiri n'kuona kuti ndikupeka. Ndikupekera munthu wodwala moyo wake, kuti mwana wake akawerenge bodza langa ngati mawu a bambo ake. Ndinalowa m'kachipinda kosungira mopu, ndinagwada pakati pa mabaketi. Pemphero lenileni silinatuluke, ndinkangoti, "Ambuye, mwaona. Ambuye, mwaona." Ndinkadziwa kuti ndikanena ntchito ikhoza kutha, ndipo ana ku Ntcheu ankadya ntchito imeneyo. Koma nditatuluka sindinakhudzenso kiyibodi. Ndinakhala pampando manja nditawapanikiza pakati pa mawondo, chifukwa ndikanawasiya akanayambanso.

Ntate anafika cha m'ma thwelofu. Ndinawauza ali chiimire, makiyi a galimoto ali m'manja. Ndinkayembekeza kuti afunsa chifukwa chake. Sanafunse.

"Utafufuta, unalembapo china?"

"Tsamba limodzi ndi theka, Ntate. Ndimafuna kubweza."

"Eish, Mma." Anatseka maso. "Eish. Itulutse. Usadine chilichonse, ingoitulutsa."

Anaitembenuza, n'kukankha ndi chikhadabo kachitseko kakang'ono ka pakona mpaka panaoneka kabowo. Anati kabowo kakatseguka choncho, sitifi imalola kuwerengedwa koma imakana kulembedwa. Kenako anakopera sitifi yonse pa ina, tizipinda tonse ngakhale tooneka topanda kanthu, kuti tigwire ntchito pa inayo. Akuchita zimenezo ndi pamene anandiuza chimene ndinali ndisanachidziwe.

"Kufufuta sikutulutsa katundu m'chipinda. Kompyuta imangopita pakaundula, n'kuika chizindikiro padzina, n'kunena kuti zipinda izi zilibe mwini. Katundu amakhala momwemo mpaka wina atalowa. Ukanangokhala pansi n'kumwa tiyi, zonse zikanabwera. Koma iwe walowetsa munthu watsopano, ndipo watsopano amapatsidwa zipinda zoyambirira."

Anatsegula pulogalamu yake yofukulira zofufutidwa, sikirini yakuda, zilembo zoyera. Mayina anatuluka, lililonse litaduka chilembo choyamba. Ndinawerenga ndi chala: yachiwiri, yachitatu, mpaka yachisanu ndi chinayi. Zisanu ndi zitatu. Yoyamba yeniyeni panalibe. Pamalo pake panakhala yanga ija.

Zisanu ndi ziwiri zinabwera zathunthu. Ndinkatsegula iliyonse, n'kumva mawu a achikulire aja akutuluka mmene ankalankhulira. Yachisanu ndi chimodzi inavuta. Imeneyo tinaiwonjezera Loweruka lotsatira, ndiye mchira wake unakagona kutali, kuseri kwa fayilo ina, ndipo kaundula amene ankadziwa njira anali atafufutika. Ntate anayamba kutsegula tizipinda kamodzikamodzi. Pasikirini pankabwera zizindikiro zosamveka, pakati pake mawu a Chichewa.

"Apa ine ndine wakhungu," anatero. "Werenga iwe. Kachidutswa aka kakutsatana ndi kati?"

Ndinawerenga. Aka kakuthera pa "amayi ako anandilembera kawiri koma", ndiye tifune koyamba ndi "sindinayankhe". Tinakapeza patsogolo ndithu. Tinalumikiza choncho, iwo makina, ine chilankhulo, mpaka inakwana. Pirinta ikulira, Abambo Mbewe analowa.

Ntate anasanja mapepala, pamwamba n'kuika tsamba langa lija. Anandiyang'ana. "Ili ndi lako, osati lawo. Palibe angadziwe. Usankhe wekha chochita nalo." Ndinawapempha kuti ndiweruke msanga. Anangogwedeza mutu kuvomera.

Mu thekisi ya ku Atteridgeville ndinawafotokozera Abambo Mbewe zonse. Anati, "Amayi, bwanji osangozisiya? Munthuyo ndi wodwala, mukamupweteka mtima." Mwina ankanena zoona. Koma ndinkaona chala chija chikukwera, chotsani icho.

Tinawapeza atagona pabedi lachitsulo, dzuwa la masana likulowa pachitseko, chipewa chili pamsomali. Pakamwa panali patapotokera mbali imodzi, koma maso anali omwe aja. Ndinagwada pafupi. Ndinati, "Abambo, ndakulakwirani. Makalata asanu ndi atatu ali apa mmene munanenera. Yoyamba ndinaiwononga ndine, ndipo iyi ndalemba za m'mutu mwanga. Ndikuwerengerani. Pamene pali poona mugogode kamodzi, pamene ndanama kawiri."

Anayang'ana mapepalawo. Kenako dzanja lamanzere linagogoda chitsulo cha bedi kamodzi.

"Esinati mwana wanga, ndine bambo ako amene sukuwadziwa." Kamodzi. "Sindikulemba kuti undikhululukire, ndikulemba kuti udziwe." Kamodzi. "Mulungu yekha ndiye akudziwa mmene ndakusowera." Kawiri, mwamphamvu, bedi mpaka kulira. Mbali yamoyo ya pakamwa inakwera, m'khosi n'kutuluka kaphokoso. Ankaseka. Abambo Mbewe anati, "Akugwirani, Amayi, shuga uja." Ndinakhwatcha ndi bolopeni, misozi ikugwera papepala, nanenso ndikuseka.

Tinayenda choncho mzere ndi mzere. Ndinakhwatcha malo asanu. Ndiye tinafika pa tsiku limene ananyamuka kumudzi. Ndinawerenga kuti anamunyamula mwanayo pamsewu podikira basi, kenako anamubwezera kwa amayi ake. Anagogoda kawiri. Ndinabwereza. Kawiri. Chala chinaloza pakati pa mawu awiriwo, pakati pa kunyamula ndi kubweza. Pamenepo panali china. Ndinakumbukira kuti Loweruka loyamba lija anafika pamalo amenewa n'kunena chinthu chimodzi chachifupi, ine n'kulemba ndikuyang'ana makiyi. Koma chinali chiyani?

"Munamuimbira nyimbo?" Kawiri. "Munamuveka mkanda?" Kawiri. "Munamulonjeza kuti mubwera ndi mvula yoyamba?" Kawiri. Anayesa kunena. Khosi linatupa, milomo inalimbana, kunatuluka mpweya ndi malovu basi. Anayesanso. Abambo Mbewe anatuluka panja.

Ndinasiya kufunsa. Ndinawapukuta pakamwa ndi mpango wanga. Kenako dzanja lamanzere lija linatambasuka kufuna bolopeni. Ndinawagwirizira pepala pa Baibulo langa, poti ndi lokhalo linali lolimba m'chikwama, ndipo ulendo uno sanakane. Pakati pa mizere iwiri ija anakoka mzere umodzi wokhotakhota, wautali, mpaka bolopeni inagwa. M'mphepete mwake ndinalemba ndi dzanja langa: "Apa panali mawu a bambo anu. Ndinawataya ndine wolemba, osati iwo. Mzerewu ajambula okha." Ndinawawerengera. Anagogoda kamodzi.

Kalatayo inapita choncho, yokhwatchakhwatcha, pa basi ya Loweruka. Abambo Kamwendo anatisiya mvula isanagwe. Abambo Mbewe atabwerako anati anaipereka m'manja mwa Esinati, ndipo mayiyo sanaitsegule pamaso pawo. Zimene ndikudziwa n'zomwezo.

Lolemba ndinapita kuntchito ndikuyembekeza kuuzidwa kuti ndisiye epuloni. Ntate anandipatsa masitifi awiri atsopano. "Kuyambira lero chilichonse chizikhala pawiri. Yomalizidwa, tsegula kabowo. Ndipo m'thumba umo muzikhala sopo yekha." Ndinakhala nawo zaka zisanu ndi chimodzi, Mulungu awadalitse bambo amene uja, ndipo kumapeto makasitomala obwera akulira kuti zinthu zawo zasowa ankayamba kuonana ndi ine. Funso langa loyamba linali lomwe lija: mutafufuta, mwalembapo china? Akati ayi, ndinkawauza kuti khalani pansi, ndikupangireni tiyi.

Achemwali anga sanandinamize dala, ankandiphunzitsa mmene iwo anapulumukira. Koma ine chimene chinawononga kalata ija si kufufuta ayi, kunali kuthamangira kubisa. Ana anga atakula ndinawauza, ndipo zidzukulu ndikuziuza: ukalakwitsa, chotsa manja, tsegula pakamwa. Ine mwini mpaka lero zimandivuta, manjawa samva. Ndipo nthawi zina ndili pamzere wa thekisi kapena ndikuyanika zovala, ndimapezeka ndabwerera pa Loweruka lija, achikulire ali ndi chipewa pabondo, mwana ali m'manja mwawo pamsewu wa ku Thyolo. Ndimatchera khutu. Amatsegula pakamwa, ine maso ali pamakiyi.